Kuwedza nsomba za trout ndi nyambo ya nthenga: kwa ife a ku Lusaka mwezi wake ndi uti?

Msodzi wa ku Chilenje analemba kuti:

Akuluakulu, landirani moni nonse. Safunsa anadya phula, choncho ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo amene anaponyapo mbedza m'mitsinje ya kumapiri.

Ine ndinayamba kuwedza ndili mnyamata, koma usodzi wanga ndi wa nyongolotsi ndi nsima. Loweruka ndimakwera basi mpaka ku Kafue, n'kukhala pamthunzi, maso ali pa choyandamitsa kudikira kuti chimire. Chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Scotland anandibweretsera ndodo yowedzera ya mtundu wina, yopepuka ngati bango, yolembedwa kuti 9ft 5wt pafupi ndi chogwirira. Anaphatikizapo chingwe chonenepa chobiriwira ndi kabokosi kodzaza mbedza zing'onozing'ono zomangidwa nthenga ndi ubweya. Anati zonsezi n'zogwirira nsomba yotchedwa trout, ndipo ananenanso kuti kumene amakhalako anthu amaikonda mitsinje mu Seputembala, masamba a mitengo akayamba kufiira.

Mu Okutobala ndinanyamula ndodoyo kupita nayo ku Kafue. Ndinaponya kuchokera m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo zimene ndinakola ndi chipewa changa kawiri ndi nthambi ya mtengo kamodzi. Anyamata amene ankatsuka ukonde chapafupi anandifunsa mwaulemu ngati ndinali kuphunzira kukwapula ng'ombe zapangolo.

Tsono ndithandizeni. Kodi nsomba imeneyi ilipo muno m'Zambia? Ngati mulibe, mtsinje wapafupi umene munthu wochokera ku Lusaka angafikeko uli kuti? Tchuthi changa cha kuntchito ndi cha milungu iwiri yokha, ndipo ndinali nditaganiza zochitenga mu Seputembala monga ananenera mlamu wanga. Komanso ndikufuna kudziwa mmene chinthu chopanda mtovu ngati chimenechi amachiponyera kuti chifike pakati pa madzi.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Kabwata anayankha kuti:

Bambo a ku Chilenje, musasaine kalata ya tchuthiyo musanawerenge zimene ndilembe pano, chifukwa mlamu wanu ananena zoona, koma ndi zoona za kwawoko.

Ku Scotland mwezi wa Seputembala ndi nthawi imene kutentha kwatha, madzi ayamba kuzizira, ndipo nsomba zikudya mwakhama pokonzekera kuswana. Nyengo yowedza brown trout kumeneko imatsekedwa pa 6 Okutobala. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, kumene nyengo zimayenda mosemphana ndi kwawo. Seputembala ndi Okutobala kwathu kuno ndi pachimake pa chilimwe, pamene mitsinje yaphwa ndipo ngakhale madzi a mumtsuko amafunda. Nyengo yofanana ndi imene mlamu wanu ankanena imagwa kumapeto kwa Malichi, mu Epulo mpaka Meyi, nthawi ya masika, chimanga chikuuma m'munda, mvula ikutsazika, m'mawa mukuyamba kufuna juzi.

Chifukwa chake n'chakuti trout siwerenga kalendala, imamvera madzi. Imadya bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16, imayamba kuvutika akapitirira 20, ndipo akafika cha m'ma 25 imafa. Madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda, ndipo nsomba imeneyi imafuna mpweya wochuluka kuposa mlamba, umene umatha kukhala m'matope osadandaula. Apa ndayankhiratu funso lanu loyamba: ku Kafue mukanaponya chaka chathunthu osaiona, ndipo ku Zambezi, ku Luangwa ndi ku Chongwe n'chimodzimodzi. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo kwa ife n'kozizira ndithu poyerekeza ndi ku Chirundu, koma kwa trout n'kotentha. Kuno kumwera kwa Africa nsomba imeneyi ndi yobwera. Ya mtundu wa rainbow kwawo ndi kumadzulo kwa North America, ya mtundu wa brown kwawo ndi ku Ulaya, ndipo azungu a nthawi ya atsamunda ndi amene anazithira m'timitsinje ta pamwamba pa mapiri kuti azisangalala ngati ali kwawo.

Malo amene mungafikeko ndi awiri. Oyamba ndi ku Nyanga, kummawa kwa Zimbabwe. Mudutsa pa Chirundu, mufike ku Harare, kenaka mulowere njira ya ku Mutare n'kukhotera pa Rusape. Kumeneko kuli phiri la Nyangani, lalitali mamita 2,592, kumene kumachokera mitsinje ya Pungwe, Nyamuziwa ndi Gairezi, ndipo m'paki ya Nyanga mulinso madamu monga Mare amene amathiramo trout. Achiwiri ndi ku Nyika, kumpoto kwa Malawi, m'mtsinje wa Chelinda ndi madamu ake, pamtunda wopitirira mamita 2,000. Kachigawo kochepa ka phiri la Nyika kali m'dziko lathu lino, koma kumene anthu amawedza ndi mbali ya Malawi, ndipo njira imene ambiri amadzera ndi ya ku Chipata, Lilongwe, Mzuzu, Rumphi mpaka pachipata cha Thazima.

Mutandifunsa ine, ndingakuuzeni kuti muyambe ndi ku Nyanga, ndipo mupite mu Epulo. Msewu wake ndi wa phula mpaka kufika m'tauni ya Nyanga, pamene wokwera ku Nyika ndi wa dothi, ndipo kumpoto kwa Malawi mvula imachedwa kuleka. Ndinapita ku Nyika kamodzi kumapeto kwa Malichi ndi mnzanga amene anali ndi galimoto yotsika. Tinakhala maola atatu tikukankha m'matope, ndipo titafika tinapeza madzi achita katondo, ofiira moti nsomba sikanaona nyambo ngakhale itaikhudza pamphuno. Mu Epulo madzi amakhala atatsika ndi kuyera, koma akadali okwanira kubisa nsomba zazikulu m'maiwe.

Musachedwetsenso kwambiri. Kumwera kwa Africa kuno trout zimaswana m'miyezi yachisanu, ndipo n'chifukwa chake mitsinje imatsekedwa nthawi imeneyo. Ku South Africa mitsinje yambiri saloleza kuwedza kuyambira Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Paki iliyonse ili ndi masiku ake ndi chiphaso chake, choncho imbirani ofesi ya paki musanagule tikiti ya basi, muwafunse za mtsinje weniweniwo umene mukufuna, chifukwa malamulo a damu ndi a mtsinje nthawi zambiri amasiyana.

Womanga Nthenga anayankha kuti:

Aphunzitsi afotokoza bwino za mwezi ndi malo, ine ndingogwira za ndodo imene inakulandani chipewa.

Achimwene, vuto n'lakuti manja anu anazolowera kuponya mtovu. Pa mbedza ya nyongolotsi cholemera chili kumapeto, ndipo chimakoka twaini kupita naye kutali. Pa ndodo imene muli nayoyi zinthu n'zotembenuka: nyambo ilibe kulemera kulikonse, cholemera ndi chingwe chonenepacho, ndipo chimene mukuponya ndi chingwe, nyambo imangotsatira ngati mwana wa kumsana. Nambala 5 imene yalembedwa pa ndodo ikunena za kulemera kwa chingwe choyenerana nayo, pamene 9ft ndi kutalika kwake, mamita 2.7. Mlamu wanu anasankha bwino, pakuti ndodo yotere imagwira ntchito pamtsinje ndi padamu pomwe, ngakhale kuti m'timitsinje tothinana ndi zitsamba mudzalakalaka ikanakhala yofupikirapo.

Musadikire kufika ku Nyanga kuti mukaphunzire kumeneko, chifukwa mudzathera tchuthi chonse kumasula mfundo. Pitani pabwalo la mpira m'mamawa kusanachite mphepo, mumange kaulusi kofiira kumapeto m'malo mwa mbedza, ndipo mutulutse chingwe chotalika ngati masitepe khumi. Kwezani ndodo mwamphamvu pang'ono mpaka ingopitirira khutu lanu, muimike pomwepo, mudikire kuti chingwe chiwongoke kumbuyo, kenaka mubweze kutsogolo n'kuimikanso ndodo isanagwe pansi. Chinsinsi chili pa kuimikako ndi pa kudikirako, osati pa nyonga. Valani magalasi nthawi zonse, ngakhale pabwalo, chifukwa diso silikhala ndi chigamba ngati chipewa.

Pakati pa chingwe chonenepa ndi nyambo pamakhala twaini woonekera wotalika pafupifupi ngati ndodo, wonenepa kumtunda n'kumka nawonda kumapeto, amene timamutcha leader. Kunsonga kwake muzilumikiza kachidutswa ka twaini wa 4X kapena 5X. Nambala ikamakwera twaini amawonda. Pa mbedza napo n'chimodzimodzi, ya nambala 16 ndi yaing'ono kuposa ya nambala 12, ndipo zimenezi zimasokoneza aliyense woyamba.

Tsegulani kabokosi kaja muzisiyanitse nyambozo. Zimene zili ndi nthenga zoimirira ngati burashi ndi zoyandama, zotsanzira kachilombo kamene katera pamadzi. Zotchuka mwa izo ndi Adams ndi Elk Hair Caddis. Zowonda, zabulauni, zina zokhala ndi kamkanda ka mkuwa pamutu, ndi zomira, zotsanzira timphutsi timene timakhala pansi pa miyala, monga Pheasant Tail ndi Hare's Ear. Yaikulu yakuda ya mchira wofewa ndi Woolly Bugger, imene nsomba imaiyesa kansomba, mbululu kapena mwana wa tombolombo. Chakudya chambiri cha trout chili pansi pa madzi, motero zomirazo n'zimene zidzakugwirireni nsomba zambiri, ngakhale kuti mtima wa msodzi umakonda zoyandama. Mukafika pamtsinje, musanamange chilichonse, tolani mwala wa m'madzi othamanga muutembenuze. Mudzaona tizilombo tathyathyathya tikuthawira kumbali, ndi tina tokhala m'tinyumba ta mchenga tomatirira pamwalapo. Sankhani nyambo yofanana nato kukula ndi mtundu.

Koma pali chinthu chimodzi chimene masika amapereka chimene miyezi ina ilibe, ndicho ziwala. Mu Epulo udzu wa m'mphepete mwa mtsinje umakhala utatalika, ziwala zitakhwima, ndipo dzuwa likakwera zimayamba kudumpha, zina n'kugwera m'madzi. Tsiku lina chakumasana ndinaima kumunsi kwa dziwe lina laling'ono, ndikuona chiwala chikupalasa miyendo pafupi ndi gombe. Chinayandama kamtunda kochepa, kenaka panangotuluka mphuno yakuda, mwakachetechete, chiwala n'kuzimirira, pamadzi n'kutsala kabwalo kokha kakufutukuka. Ndinamanga nyambo yotsanzira chiwala, manja akunjenjemera moti mfundo ndinaibwereza katatu, ndipo ndinaiponya kuti igwe ndi kaphokoso pamwamba pang'ono pa malo omwewo. Nsombayo sinali yaikulu, inali yotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, koma inadumpha kanayi, mzere wofiirira wa m'nthiti mwake ukung'anima padzuwa.

Onetsetsani mawu akuti ndinaima kumunsi. Trout imayang'ana kumtunda kumene madzi akuchokera, chifukwa ndiko kumabwera chakudya, choncho msodzi amayamba kumunsi n'kumakwera, kuti aziifikira kumbuyo. Madzi a mu Epulo ndi oyera, nsomba imaona chithunzithunzi chanu musanaione, ndipo imamva kugunda kwa mapazi pagombe. Valani zovala zosawala, yendani mowerama, ndipo nyambo ikatera ilekeni iyende pa liwiro la madziwo. Ikangoyamba kukokedwa ndi chingwe n'kumalemba mzere pamadzi, nsomba imadziwa kuti pali chinyengo. Muziyang'ana pamene madzi othamanga akumana ndi odekha, kuseri kwa miyala ikuluikulu, pansi pa gombe lokumbika, ndi pamzere pamene thovu likuyenda mondondozana.

Nsomba imene mukufuna kuibweza muigwire ndi manja onyowa, isachoke m'madzi nthawi yaitali, ndipo kaminga ka mbedza mukaphwanyiretu ndi pulayala kuti izichoka msanga. Ine ndimabweza zonse za mumtsinje. Mukaona malo a timiyala amene ayera mosiyana ndi pozungulira, makamaka chakumapeto kwa Meyi, musapondepo, chifukwa ndi pamene nsomba yaikazi yakumba kuti iikire mazira.

Mayi wa ku Chelstone anayankha kuti:

Abambo inu mwatchula Nyanga ndi Nyika, koma mwalumpha kumene nkhani imeneyi inayambira kumbali ya Malawi. Ine ndinabadwira ku Zomba ndisanakwatiwe kuno, ndipo rainbow trout inafika m'dzikolo mu 1906, nthawi imene Zomba inali likulu la boma la atsamunda. Pamwamba pa phiri la Zomba pali mtsinje wa Mulunguzi, umene umamwetsa tauni yonse, ndipo pambali pake anamanga maiwe oweteramo nsombazi. Bambo anga ankagwira ntchito ya zankhalango paphiripo, ndipo tili ana tinkapita kukasuzumira m'maiwemo, kuona misana yakuda yamathothomathotho itandandalika kuyang'ana kumene madzi akulowera. Madzi ake ankaluma mano ngakhale masana. Sindikukulimbikitsani kuti mupite kumeneko kukawedza, chifukwa mitengo yambiri ya paphiri inadulidwa ndipo moto umayaka kawirikawiri, ndipo mtsinje wopanda mthunzi umafunda ndi kudzaza mchenga. Ndangofuna kuti Zomba isaiwalike.

Pa za kubweza nsomba m'madzi ndiye ndasiyana nanu pang'ono, bambo Womanga Nthenga. Munthu achoke ku Chilenje, adutse malire, alipire chiphaso, agone kozizira, kenaka abwere kwa mkazi wake chimanjamanja n'kumuonetsa chithunzi pafoni? Kunyumbako mlandu wake sungathe msanga. Kumene malamulo alola, makamaka m'madamu amene amathiramo nsomba zoweta, atenge imodzi kapena ziwiri alawe. Trout ilibe minga yovuta ngati ya mcheni (tigerfish), mamba ake ndi aang'ono kwambiri moti ena sapala n'komwe, ndipo imene yakhala ikudya nkhanu mnofu wake umakhala wofiirira. Sifuna tomato wambiri ngati mmene timaphikira nsomba zouma za ku msika wa Soweto. Mchere, mandimu ndi moto wa makala basi, ndipo isachedwe pamoto chifukwa imauma.

Komanso tisaiwale kuti nsomba yobwerayi imadya tinsomba, achule ndi tizilombo ta m'mitsinje imene inaipeza ili ndi eni ake, ndipo ku South Africa akatswiri a zachilengedwe akhala akukangana ndi asodzi kwa zaka zambiri pa nkhani yomweyi. Choncho amene wadya trout imodzi asadzimve ngati wapalamula. Chinanso, bambo a ku Chilenje, tengani zovala zotentha zenizeni. Kumapiri mu Epulo usiku kumazizira kwambiri, ndipo nkhungu ikatsika simuona ngakhale nsonga ya ndodo yanu.

Womanga Nthenga anayankhanso kuti:

Mayi, pa za madamu sindikutsutsani, pakuti nsomba za mmenemo anazithira kuti zigwidwe, ndipo inenso ndinadyapo. Chimene ndimakana ndi kutenga za m'timitsinje ting'onoting'ono mmene zimaswana zokha, chifukwa dziwe limodzi limasunga zazikulu ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo asodzi asanu akatenga aliyense yake, wobwera mwezi wotsatira apeza madzi okhaokha.

Msodzi wa ku Chilenje anabweranso nati:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo mayi, zikomo achimwene. Kalata ya tchuthi ndaisintha, ndapempha sabata yachiwiri ndi yachitatu ya Epulo, ndipo ndatsimikiza za ku Nyanga. Mayi a kunyumba nditawawerengera yankho la mayi a ku Chelstone anati amenewo ndiye alankhula zanzeru, motero nkhani yobwera ndi chithunzi chokha yatha pomwepo.

Ndayamba kupita pabwalo la sukulu ya pafupi ndi kwathu nthawi ya 5 koloko m'mawa, kaulusi kofiira kali kumapeto monga munanenera. Chingwe chayamba kuwongoka, ndipo dzulo ndinagwetsa kaulusiko katatu m'beseni limene ndinaika pa masitepe khumi ndi awiri. Koma pali zinthu ziwiri zimene zikundivuta. Nthawi zina ndikamabweza ndodo kutsogolo kumamveka kulira ngati chikwapu, ndipo ndikayang'ana ndimapeza kaulusi kaduka. Chachiwiri, pa twaini woonekera uja pakumangika timfundo ting'onoting'ono timene sindinamange ine. Ndifunsenso ngati pali nsomba ya kuno imene ndingayeserepo, kuti tsiku loyamba kumva nsomba ikukoka lisakakhale la kuphiri.

Womanga Nthenga anayankha kuti:

Kulira kwa chikwapuko kukutanthauza kuti mukufulumira kubweza ndodo chingwe chisanawongoke kumbuyo. Imani chammbali pang'ono kuti muzitha kutembenuza mutu n'kuchiona chingwecho chikutambasuka, ndipo muyambe kubweza pokhapokha chatsala pang'ono kuwongokeratu. Chingwe chikamatalika, kudikirako kumatalikanso. Timfundoto ambiri amanamizira mphepo, koma timabwera chifukwa chokankha ndodo mwadzidzidzi poyamba penipeni pa kubweza. Yambani mofatsa, liwiro lizikwera pang'onopang'ono, mphamvu ikhale kumapeto. Mukatipeza timasuleni kapena dulani mumangenso, chifukwa kamfundo kamodzi kamafooketsa twaini kwambiri, ndipo adzadukira pomwepo tsiku limene mwakola nsomba yabwino.

Zoyeserera zilipo. Bream za m'madamu a m'mafamu ozungulira Lusaka zimatenga nyambo zing'onozing'ono zomira, ndipo Woolly Bugger yokokedwa pang'onopang'ono m'mphepete mwa bango imakopa nembwe. Pemphani chilolezo kwa mwini damu, ndipo ngati mukufuna kubwerera ku Kafue kumbukirani chiletso cha boma cha chaka ndi chaka, chimene chimayamba pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, motero mwezi wanu woyeserera kumtsinje ndi Malichi. Mcheni wokha muusiye kaye, pakuti mano ake amadula twaini ngati lumo, ndipo umafuna waya kumapeto ndi ndodo ya nambala 8 kapena 9. Loweruka likubwerali ndidzakhala ndikumanga nyambo kunyumba. Ndilembereni kumbali tigwirizane pokumana, mubwere ndi kabokosi kanu tione zimene zikusowamo, ndipo ngati muli ndi mnansi woweta nkhanga mumupemphe nthenga za pakhosi ndi za pamsana zodzaza dzanja limodzi.